Masipanala otchipa angakonze Sienta kapena njinga yako, koma jeke ayi

Kukonzetsa galimoto kapena njinga yamoto masiku ano kwafika poti munthu umayamba wawerengera kaye m'thumba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja, kuyambira oyilo mpaka mapadi a mabuleki, chinakwera osatsikanso. Amakaniko nawonso akweza, ndipo sitingawanene, nawonso akugula ufa ndi sopo pa msika womwewu. Ndiye anyamata ambiri a kabaza pa Thyolo boma, pa Bvumbwe ndi pa Luchenza, kudzanso eni ma Sienta oyenda msewu wa ku Limbe, ayamba kudzikonzera okha tina ndi tina. Kavidiyo ka pa YouTube kakuwonetsa njira, bokosi la masipanala waligula motchipa m'mashopu a ku Limbe kapena kwa mavenda tsiku la msika, basi ntchito yayambika pakhonde.

Mkangano womwe sukutha m'magulu a WhatsApp ndi woti kodi zida zimenezi n'zodalirika. Ena akuti chitsulo ndi chitsulo basi. Ena akuti zonsezo n'zinyalala. Mbali zonse ziwiri zikuphonya. Funso lofunika kudzifunsa usanagule ndi ili: chidachi chikakanika ntchito ili mkati, chiwonongeke n'chiyani? Chida chokhacho, galimoto, kapena iweyo?

Pali ntchito zina zomwe chida chotchipa chimakwanira popanda vuto. Kumasula mawaya a batire, kusintha fyuluta ya mpweya, kuika babu latsopano, kumanga galasi la njinga lomwe lakhwefuka. Galimoto za ku Japan zomwe tadzaza nazo misewu zimagwiritsa mabawuti a mamilimita, ndipo ambiri amangofuna sipanala ya 8, 10, 12, 14 kapena 17. Apa mphamvu yofunika ndi yochepa. Sipanala ikapindika, waluza kandalama ka sipanalayo, nkhani yathera pomwepo. Kugula bokosi lodula la zida 100 chifukwa cha ntchito ngati zimenezi n'kungotaya ndalama, poti zambiri mwa zidazo zidzachita dzimbiri usanazigwire n'komwe.

Mavuto amayamba pa bawuti yolimba, ndipo kuno ku Thyolo mabawuti olimba ndi ochuluka. Mvula yomwe imameretsa tiyi ku Satemwa, Makandi, Conforzi ndi Naming'omba ndi yomweyo imadya chitsulo. Miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa chilichonse chogona panja, ndipo matope ofiira a misewu ya m'maesiteti amakakamira pansi pa galimoto n'kusunga chinyezi masabata. Bawuti imagwirana ndi dzimbiri. Sipanala yotchipa nthawi zambiri imakhala ya chitsulo chofewa komanso kukamwa kwake kumakhala kotakasuka pang'ono kuposa nambala yolembedwapo. Ukakoka ndi mphamvu imaterereka n'kudya makona a bawuti, mutu n'kusanduka wozungulira. Zikatero palibenso sipanala yomwe ingagwire. Uyenera kuitana wa weluding'i kapena kuboola, ndipo ntchito yomwe umathawa kulipira ija waiwonjezera kawiri.

Taganizira bawuti ya pansi pa injini yotulutsira oyilo, yomwe pa ma Toyota ang'onoang'ono ambiri ndi ya 14. Ikadyeka mutu, kusintha oyilo kwa theka la ola kwasanduka ntchito ya ku galaja. Mapulagi nawo amalowa m'mutu wa injini wa aluminiyamu, chitsulo chofewa. Ukamanga mopyola, mazinga ake amaphwasuka, ndipo kukonza pamenepo si ndalama ya masewera. Sipanala yosinthasintha kukamwa ija, yomwe ambiri amaikonda poti imodzi imagwira paliponse, ndiye katswiri wodya mabawuti. Pa ntchito zotere ndi bwino kukhala ndi masoketi ochepa koma enieni, a makona 6 mkati osati 12, chifukwa amagwira m'mbali mwa bawuti osati pa nsonga. Zilembo za Cr-V zimatanthauza chitsulo cha chrome vanadium, koma kulemba n'kosavuta, aliyense atha kudinda. Tenga bawuti yako popita kogula, uyeze. Ikamagwedera, siya.

Kenako pali zida zomwe zimanyamula moyo wa munthu, ndipo apa kutchipa sikuyenera kulowa m'nkhani. Jeke yomwe imabwera ndi galimoto inapangidwira kusintha tayala basi, osati kuti munthu alowe pansi. Komabe pita m'mbali mwa msewu, uwona miyendo ikutulukira pansi pa Sienta yomwe yangokhala pa jeke imodzi, kapena pa njerwa zosanja. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza, ndipo galimoto yoposa tani imodzi ikatsika sipereka mpata wothawa. Dera lathu ndi la zitunda, malo afulati ndi osowa, dothi lonyowa limamiza jeke mbali imodzi. Wolowa pansi afunika zoimikira zachitsulo ziwiri zolimba, pamalo owuma ndi olimba, mawilo otsala atatsekedwa ndi miyala kapena matabwa, ndipo tayala lomwe wachotsa aligoneke pansi pa galimoto ngati chitetezo chomaliza.

Usaganize kuti ili ndi vuto la mashopu athu okha. Mu 2020 kampani ya ku America yogulitsa zida zotchipa, Harbor Freight, inaitanitsa zoimikira galimoto zoposa 1.7 miliyoni kuti zibwezedwe chifukwa zinkatha kugwa galimoto ili pamwamba. Zina zomwe inapereka m'malo mwake zinaitanidwanso chaka chomwecho chifukwa cha vuto la weluding'i. Kumeneko wogula amamva uthenga n'kukabweza. Chomwe wagula pa mphasa ya venda pa Bvumbwe, ndani adzakuimbire foni?

Manati a mawilo ndi mabuleki alinso m'gulu lomweli. Pa ma Toyota ang'onoang'ono ambiri nati ya wilo ndi ya 21 ndipo imafuna kumangidwa pafupifupi 103 Nm. Chizolowezi chopondera wilo sipanala ndi mwendo, kapena kuikapo paipi, chimakoka bawuti mopyola mpaka tsiku lina imaduka galimoto ikuthamanga. Sienta ikamatsetsereka mapiri a ku Thekerani itadzaza anthu, si mwini yekha amene ali pa ngozi. Sipanala yoyezera mphamvu ndi yodula, zoona, koma siifunika tsiku lililonse. Apa ndi pomwe masiteji a kabaza ndi magulu a ma Sienta angachite zanzeru. Amasonkha kale za maliro ndi za chipatala. Mutu umodzi susenza denga: sonkhaninso kagulu, mugule jeke yabwino imodzi, zoimikira ziwiri ndi sipanala yoyezera, zizikhala kwa tcheyamani, wobwereka azilemba dzina m'kope.

Njira ina ndi zida zakale koma zenizeni. Abale athu obwera ku Joni nthawi zina amabwera ndi masipanala a Gedore, kampani ya ku Germany yomwe ili ndi fakitale pafupi ndi Durban. Sipanala yotere ngakhale yakuda ndi ukalamba imaposa yonyezimira ya m'bokosi la pulasitiki. Ndipo ukagula chatsopano mu shopu, tenga lisiti. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likunena kuti zikwangwani zoti katundu wogulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi malamulo, koma wopanda lisiti dandaulo lake silipita patali.

Ndiye ukakhala ndi kandalama kochepa, kagawe motere: sikuludiraiva, pulayazi ndi masipanala ang'onoang'ono gula otchipa, usachite manyazi. Masoketi a 14, 17 ndi 21 gula abwino, limodzilimodzi malinga ndi thumba. Za jeke ndi mabuleki, ngati ulibe chida choyenera, pita kwa amakaniko ukalipire. Ndalama imeneyo imapweteka, koma ndi yochepa poyerekeza ndi miyezi yogona pa Thyolo District Hospital njinga ili chiimire, mwini wake akufuna ya tsiku.