Musamulande katuni kake, musamulandenso Chinyanja

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo a ku Tsangano ndi ku Macanga, lero mundipirire, ndalemba nditakwiya.

Pali malangizo awiri okhudza ana a autismo amene ndikuwamva m'misonkhano ya makolo, ndipo onse ndikuwakana. Ena akuti mwana akamaonera katuni kamodzimodzi tsiku ndi tsiku, mumulande foni asiye misalayo. Ena akuti muzimulankhula Chipwitikizi chokha chifukwa zilankhulo ziwiri zikumusokoneza mutu.

Kubwerezaku si misala, komanso palibe wamulodza. Mu 1943 dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore adalemba za ana 11, ndipo chimodzi chimene adaona n'chakuti ankavutika kwambiri zinthu zikasintha. Taganizani tsiku la mwana wotere kwathu kuno: chigayo chikulira, njinga zamoto zikudutsa, m'kalasi muli phokoso, aphunzitsi dzulo ankaseka lero akalipa. Sadziwa chimene chikubwera. Katuni kaja n'kokhako kamene sikamudzidzimutsa: mawu omwewo pa mphindi yomweyo. Mtima umakhala pansi. Nanga ife pamaliro, bwanji timayimba nyimbo zomwe zija chaka ndi chaka osatopa nazo?

Ndipo amaphunzira momwemo. Ambiri mwa ana amenewa amatola chiganizo chathunthu, kuchibwereza, kenako n'kuyamba kuchigwiritsa ntchito pofuna kunena zawo. Owen Suskind wa ku Amereka adasiya kulankhula ali ndi zaka zitatu. Ankangobwereza mafilimu a Disney. Bambo ake, mtolankhani Ron Suskind, adayamba kumulankhula m'mawu a m'mafilimuwo, mwana n'kuyankha. Adalemba buku la nkhaniyi mu 2014. Akadazimitsa TV, akadalankhulana naye bwanji?

Ndikuvomereza, malire akufunika. Mwana agone, adye, asewere panja. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene timalowetsa m'mafoni kuchokera ku Malawi si onse oyenera mwana, ambiri ndi ndewu zokhazokha. Musankhireni, mupatseni nthawi yodziwika, ndipo muzimuchenjeza isanathe. Kungotsomphola foni m'manja mwake ndiye kuyambitsa kulira kumene mudzati ndi mwano.

Koma za Chipwitikizi chokhazi ndi zimene zandiwawa kwambiri. Mu 2012 Catherine Hambly ndi Eric Fombonne a ku Canada adayerekeza ana a autismo omva chilankhulo chimodzi ndi omva ziwiri, ndipo sadapeze kuti a ziwiriwo akuchedwa kuposa anzawo. Tsono malangizowa akuchokera kuti? Mwana amene akuvutika kale kucheza ndi anthu, inu mukumuchotsera chilankhulo cha agogo ake, cha anzake pabwalo, cha kutchalitchi. Amayi ake, amene Chipwitikizi amangochidziwa cha pamsika, asanduka osalankhula kwa mwana wawo yemwe. Muno m'Tete ndi momwe PEBIMO idayesera kuphunzitsa ana m'Chinyanja kuyambira 1993 mpaka 1997. Ife tomwe lero tizichita manyazi nacho pamaso pa mwana amene akuchifuna kuposa onse?

Khalani naye pamene akuonera. Katuni kakanena mawu m'Chipwitikizi, inu anenereni m'Chinyanja, malo omwewo tsiku lililonse. Jambulani agogo pafoni akusimba nthano ya Kalulu, mumusiye aimvere kakhumi ngati akufuna. Amene mwayesapo ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, tiuzeni mawu amene mwana wanu adayamba kutola.