ZA UMOYO PAMUDZI: Kufunsa dotolo si mwano

Kale kunenepa kudali ulemu. Mwamuna wa mimba yotuluka ankatchedwa bwana, ndipo mkazi akanenepa pabanja abale ake ankayamikira kuti mwamunayo akusamala bwino. Masiku ano zinthu zasintha chifukwa matenda a shuga ndi othamanga magazi, amene ambiri kuno amangoti tensão, afika ndi m'midzi momwe. Kafukufuku amene adachitika m'dziko lonse la Mozambique adapeza kuti m'chaka cha 2005 akuluakulu pafupifupi 3 mwa 100 alionse adali ndi matenda a shuga, koma pofika 2015 chiwerengerocho chidapitirira 7. Motero sizachilendonso kumva kuti mayi wogulitsa kachewere pamsika wa Ulongwe, kapena bambo woyendetsa chapa pamsewu wa Zobwe, wauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi.

Langizo lochepetsa thupi silivuta kulimva. Mkangano umabuka panyumba pamene wodwalayo abwera ndi mawu akuti dotolo wati adye pang'ono zedi kwa milungu ingapo, mwinanso asiyiretu nsima. Apongozi amati amenewo ndi malodza, munthu wamoyo sangadziphe yekha ndi njala chakudya chili m'nkhokwe. Mwamuna amati dotolo adaphunzira, wosaphunzira akhale chete. Wodwalayo amangokhala pakati, osadziwa womvera, ndipo kawirikawiri amachita chimodzi mwa ziwiri: kutaya langizo lonse, kapena kudzimana chakudya mwa njira yakeyake. Zonse ziwirizi n'zoopsa. Njira yabwino ndi kubwerera kwa dotoloyo ndi mafunso.

Madotolo amayeza mphamvu ya m'chakudya ndi muyeso wotchedwa makalori, monga momwe wogulitsa chimanga amayezera ndi ndowa. Mkazi wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku, mwamuna pafupifupi 2,500, ndipo munthu amene waswera ndi khasu m'munda amafuna oposa pamenepa. Kadyedwe kamene kakukambidwa panoka ndi ka makalori 800 patsiku kapena ocheperapo. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Tsono makalori 800 ndi mphamvu ya ufa wosakwana kotala ya kilogalamu, popanda ndiwo, popanda tiyi, kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Apongozi amene akukayika aja sakulakwa kwenikweni. Anthu amene adaona chilala cha 1992, kaya adali kuno kaya adali atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu chifukwa cha nkhondo, akudziwa zimene njala imachita m'thupi la munthu. Thupi likamanidwa chakudya limayamba kudzidya lokha. Limadya mafuta, komanso limadya minofu, ndipo mtima nawo ndi mnofu. Ku yunivesite ya Minnesota ku America, m'zaka za 1944 ndi 1945, anyamata 36 athanzi adavomera kudya theka la chakudya chawo, makalori pafupifupi 1,600 patsiku, kwa miyezi 6 kuti madotolo aphunzire za njala. Adaonda ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a kulemera kwawo. Ankamva kuzizira nthawi zonse, ankapsa mtima msanga, ndipo maganizo awo onse adali pa chakudya. Ataloledwa kudya momwe angafunire, ambiri ankadya osakhuta mpaka mafuta adabwerera m'thupi kuposa poyamba. Anyamatawo sadali onenepa, koma phunziro lake lidakalipo: thupi limalimbana ndi njala, ndipo njala ikatha limafuna kubweza zonse.

Palinso nkhani ina yosonyeza kuti mawu a dotolo si malamulo a pa phiri la Sinai. M'chaka cha 1976 dotolo wina wa ku America, Robert Linn, adalemba buku lotchedwa The Last Chance Diet, lolangiza anthu onenepa kuti asiye chakudya chonse azingomwa madzi ena ake a mapuloteni. Madziwo ankapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mitsempha ya ng'ombe, ndipo adalibe zofunika zambiri za m'thupi. Anthu zikwizikwi adatsatira chifukwa wolembayo adali dotolo. Pofika 1978 boma la America lidalandira malipoti a imfa pafupifupi 60. Mwa amenewa, 17 adali anthu opanda matenda ena odziwika kupatula kunenepa, ndipo chimene chidawapha ndi mtima umene udasokonekera kagundidwe kake.

Komabe mwamuna amene akuti dotolo adaphunzira uja nayenso sakulakwa. Madotolo adaphunzira pa imfa zija, ndipo adakonza zakumwa zatsopano zokhala ndi mapuloteni abwino, mavitamini ndi mchere wa m'thupi wokwanira. M'chaka cha 2017 madotolo awiri a ku Britain, Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu pafupifupi 300 onenepa odwala shuga. Theka la anthuwo lidapatsidwa zakumwa za makalori oposa pang'ono 800 patsiku kwa miyezi 3 mpaka 5, kenaka n'kubwezeredwa chakudya pang'onopang'ono. Chitatha chaka, 46 mwa 100 alionse shuga wawo adali atatsika kufika pabwino popanda mapiritsi, pamene mwa anzawo amene ankangolandira chithandizo cha masiku onse adali 4 okha. Madotolowo adafotokoza kuti mafuta akachuluka m'chiwindi ndi m'kapamba, thupi limalephera kuwongolera shuga, ndipo mafutawo akachoka kapamba amatha kuyambanso ntchito. Koma zitatha zaka ziwiri otsala pabwino adali 36 mwa 100, ndipo zitatha zaka 5 adali ochepa kwambiri, chifukwa ambiri thupi lidabwerera.

Choncho kadyedwe kameneka ndi mankhwala enieni, ndipo ndi mankhwala amphamvu. Monga mankhwala ena onse amphamvu, ali ndi eni ake, muyeso wake, nthawi yake ndi wowayang'anira. Anthu a mu kafukufuku wa ku Britain adasankhidwa: onse adapezeka ndi shuga zisanathe zaka 6, ndipo padalibe wobaya jakisoni wa insulini. Sadangochepetsa nsima ayi, adapatsidwa zakumwa zoyezedwa bwino. Mapiritsi awo a shuga ndi a magazi adaimitsidwa ndi madotolo tsiku loyamba, ndipo ankaonana ndi namwino kapena katswiri wa zakudya pafupipafupi. Munthu wa ku Tsangano kapena ku Domwe amene chipatala chili ulendo wa theka la tsiku, amene m'mawa akudikiridwa ndi munda ndiponso mtsuko wa madzi, ali ndi ufulu wofunsa ngati zonsezi zingatheke kwa iye.

Funso loyamba likhale lotsimikiza zimene dotolo wanena. Kuchipatala nthawi imachepa, mzere umatalika, ndipo kawirikawiri dotolo amayankhula Chipwitikizi pamene wodwala amamva Chichewa. Mawu akuti chepetsani nsima angathe kufika kunyumba ali akuti siyani nsima. Ndi bwino kupita ndi mbale wodziwa zinenero zonse ziwiri, kapena kupempha namwino amasulire, ndiponso kupempha kuti langizolo lilembedwe pa khadi la kuchipatala. Munthu angathe kunena mwaulemu kuti, "Pepani a dotolo, ndithandizeni ndimvetse bwino. M'mawa ndidye chiyani, masana chiyani, madzulo chiyani, ndipo kwa masiku angati?" Dotolo amene akudziwa chimene akuchita sangakwiye ndi funso lotere.

Funso lachiwiri ndi la mankhwala. Munthu amene amamwa mapiritsi a shuga monga glibenclamide, kapena amene amabaya insulini, akachepetsa chakudya mwadzidzidzi mankhwala osachepetsedwa, shuga amatsika kwambiri. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, ndipo angathe kukomoka ngakhale kufa kumene. Womwa mapiritsi a magazi angathe kugwa ndi chizungulire poimirira. Wodwala asasiye kapena kuchepetsa mankhwala payekha, koma afunse kuti asintha muyeso wake ndani, ndipo liti. Auzenso dotolo za mankhwala ena onse amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV, a chifuwa chachikulu ndi achikuda omwe.

Funso lachitatu ndi la kuyang'aniridwa. Kodi adzabwere liti kudzayezedwa magazi, shuga ndi sikelo? Akadwala usiku apite kuti? Malangizo a ku Britain amati kadyedwe ka makalori 800 kasapitirire milungu 12, ndiponso kachitike pokhapokha achipatala akumuona munthuyo. Ngati yankho ndi lakuti adzabwere pakatha miyezi 3, wodwala apemphe njira ina.

Funso lachinayi ndi la ntchito. Dotolo mwina sakudziwa kuti munthu amene ali patsogolo pakeyo amalima ndime, amasenza matumba a kachewere kapena amapalasa njinga ndi katundu mpaka kumalire. Amuuze. Njala ya makalori 800 m'nyengo yolima si yofanana ndi ya munthu wokhala pampando mu ofesi.

Funso lomaliza ndi la pambuyo pake. Milungu ija ikatha, chakudya chibwerera motani? Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera. Kuonda kwa miyezi 3 kulibe phindu ngati pakatha chaka thupi labwerera lonse.

Pali anthu amene kadyedwe kameneka si kawo: amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa, ana ndi achinyamata amene adakali kukula, ndiponso anthu a shuga wa mtundu woyamba uja amene moyo wawo umadalira insulini. Odwala mtima, impso kapena chiwindi ndi okalamba ofooka asayambe popanda kupimidwa mokwanira. Ndipo munthu amene akuonda yekha popanda kuchepetsa chakudya asakondwere, apite akayezetse, chifukwa chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga yemwe amayamba motero.

Ngakhale kwa munthu woyenera, mavuto ena amabwera. Mutu umawawa, m'mimba mumadzimbidwa, thupi limazizira, tsitsi limathothoka. Izi zimatha. Koma kuonda mofulumira kumayambitsanso timiyala m'ndulu, ndipo chizindikiro chake ndi kupweteka koopsa pansi pa nthiti za kumanja. Ululu woterewu, kugunda kwa mtima kosalongosoka, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, zonsezi ndi zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Awerengi achenjerenso ndi ogulitsa tiyi ndi ufa wochepetsa thupi m'misika, amene amati mankhwala awo adavomerezedwa ndi madotolo a kunja. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, mafuta n'kutsala pomwepo. Nalonso langizo limene mnansi adapatsidwa kuchipatala ndi la mnansiyo. Kubwereka kadyedwe ka mnzako kuli ngati kubwereka mapiritsi ake.

Kwa anthu ambiri a m'midzi ya kumalire kuno, njira yoyenda pang'onopang'ono ndiyo yotheka. Kuchotsa makalori pafupifupi 500 patsiku kumachepetsa thupi ndi theka la kilogalamu pa mlungu. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera lili ndi makalori pafupifupi 140, supuni yaikulu ya mafuta ophikira 120, ndipo masupuni aang'ono 4 a shuga mu tiyi ali ndi pafupifupi 70. Munthu amene wasiya botolo la masana, wachepetsa mafuta m'ndiwo, wachepetsa shuga ndi mowa, ndipo mitanda itatu ya nsima waisandutsa iwiri, wafika kale pamenepo asanagule kanthu. Mbale idzaze ndi nyemba, soya, usipa, chisoso, bonongwe, nkhwani ndi kabichi, zimene dera lino silisowa. Munthu wa makilogalamu 90 akachotsa 5 mpaka 9 okha, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kale kutsika, ndipo mawondo amapepukidwa. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika.

Pabanja, ntchito ya apongozi ndi mwamuna si kukangana kuti wanzeru ndani pakati pa dotolo ndi makolo. Mmodzi wa iwo aperekeze wodwalayo kuchipatala, akamve yekha mayankho a mafunso asanu aja. Mayankhowo akakhala omveka, banja lonse lithandize: mphika usinthe, ndipo pasakhale womuseka kapena womunena kuti waonda ndi matenda. Akakhala osamveka, wodwala apemphe kuonana ndi dotolo wina ku chipatala cha boma lawo kapena ku Tete, ndipo podikira tsikulo apitirize kumwa mankhwala ake ndi kudya katatu patsiku mochepetsa. Safunsa adadya phula.