Kamera mwagula, nanga okulipirani muwapeza kuti?

Mwa mafunso amene mumanditumizira inu owerenga danga lino, pali limodzi lomwe limangobwerabwera. Mnyamata kapena mtsikana wasunga ndalama miyezi yambiri, mwina achimwene ake a ku Joni amuwonjezera, wagula kamera ya Canon kapena Nikon yogwirapo kale ntchito. Waphunzira pa YouTube mpaka zithunzi zake zayamba kuoneka bwino. Kenako amandilembera kuti: "Akulu, pa Facebook anthu akungoyamikira, koma wondipatsa ntchito yolipira palibe. Nditani?" Makolo nawonso amafunsa zomwezo, koma mwa njira yawo: "Mwanayu akungozungulira ndi chikamera m'khosi, kodi chidzamudyetsa chimenechi?"

Chingamudyetse ndithu. Ine chandilipirira lendi ndi fizi ya ana kwa zaka zingapo tsopano. Koma tigwirizane kaye mfundo imodzi: kujambula bwino ndi luso, kupeza munthu wokulipira ndi luso linanso, ndipo lachiwirili ndi limene limaika ufa m'nyumba.

Kodi anthu amalipira chiyani kwenikweni?

Kale wojambula ankayenda pa njinga m'mudzi, anthu n'kusamba, kuvala za ku tchalitchi, kuima pafupi ndi duwa, kenako kudikira sabata ziwiri kuti filimu ikatsukidwe m'tauni. Chithunzi pachokha chinali katundu wosowa. Lero pa chinkhoswe chilichonse mafoni a Tecno ndi Itel amakwezedwa m'mwamba makumimakumi, ndipo mwambo usanathe zithunzi zimakhala zafika kale ku Johannesburg. Choncho munthu sangakupatseni ndalama chifukwa choti muli ndi chojambulira. Nayenso ali nacho m'thumba.

Chimene amalipira ndi mtendere wa mumtima. Akufuna kudziwa kuti mphete ikamalowa chala inu mulipo, simunapite kukafuna batire. Akufuna kuti agogo akamavina pa perekaniperekani, m'holo momwe mwayamba kuda ndipo magetsi azima, nkhope yawo ioneke. Akufuna kuti zithunzi zifike tsiku limene munalonjeza. Mukamadzigulitsa, nenani zimenezi. Kasitomala sasamala kuti lenzi yanu ndi ya mamilimita angati.

Pitani kumene ndalama zaikidwa kale pambali

Ojambula atsopano ambiri amathera bando poika zithunzi pa intaneti n'kumadikira kuti wina awaimbire. Koma amene amadina kuti asangalala nacho chithunzi nthawi zambiri ndi anzanu a kusukulu, omwe nawonso akusaka ntchito. Ndalama zili kwa anthu amene ali ndi mwambo ndipo alemba kale bajeti.

Titenge ukwati. Kwathu kuno akwati sasankha okha wojambula. Pamakhala komiti, yokhala ndi wapampando ndi msungichuma, ndipo imayamba kukumana miyezi ingapo tsiku lisanafike. Dzina limene latchulidwa pa msonkhano wa komiti ndi limene limapatsidwa ntchito. Funso ndi lakuti: dzina lanu angalitchule ndani pamenepo?

Taganizirani anthu amene akwati amakumana nawo asanaganize n'komwe za zithunzi: mwini holo, okongoletsa malo, mayi wophika keke, telala wosoka zovala za operekeza, a ku saluni, woyendetsa mwambo, woika nyimbo. Onsewa amafuna zithunzi zabwino za ntchito yawo kuti akope makasitomala ena, ndipo ambiri alibe. Mukajambula ukwati, jambulaninso keke isanadulidwe, holo anthu asanalowe, tsitsi la mkwatibwi litangokonzedwa. Lolemba atumizireni eni ntchitozo kwaulere, dzina ndi nambala yanu zili pakona. Kupatsa n'kuika. Pali mayi wina wophika makeke ku Area 25 mu Lilongwe amene wandibweretsera maukwati ambiri kuposa tsamba langa la Facebook, chifukwa mkwatibwi aliyense akafika kudzasankha keke amaonetsedwa zithunzi zomwe ndinajambula ine, ndipo funso lotsatira limakhala lakuti, "Anajambula ndani?"

Ngati simunajambulepo ukwati, pemphani wojambula wamkulu kuti muzimunyamulira zikwama ndi kumugwirira magetsi. Malipiro amakhala ochepa, koma mumaphunzira pamene muyenera kuima m'tchalitchi, ndipo tsiku lina iye akadzapeza maukwati awiri Loweruka limodzi, adzakumbukira inu.

Dziwani kalendala ya ndalama

Ntchito imeneyi ili ndi nyengo ngati ulimi. Anthu akakolola, fodya akagulitsidwa, mvula ikatha, zinkhoswe ndi maukwati zimachuluka, ndipo zimapitirira mpaka Disembala. Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi yowuma: mabanja akulimbana ndi fizi, feteleza ndi chimanga. Wanzeru amasunga m'nyengo ya zokolola ndipo miyezi yowumayo amaigwiritsa ntchito poyendera anthu ndi kusiya mitengo yake.

M'kati mwa chaka muli masiku ena odziwikiratu. Sukulu zimatsekera chaka chakumapeto kwa Julayi, ndipo za mkaka zambiri zimachita mwambo wotsanzikana ndi ana, atavala timikanjo ndi tizipewa. Pitani kwa aphunzitsi aakulu mwezi wa Meyi, osati tsiku la mwambo. Gwirizanani mtengo wa chithunzi cha mwana aliyense ndi cha kalasi, makolo alipiriretu kudzera ku sukulu. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala. Sabata ziwiri lisanafike lengezani kuti mukujambula mabanja pamodzi ndi amayi awo, chithunzi chimodzi chachikulu choikidwa m'fulemu. Pamene ophunzira akulandira madigiri, kaya ku Great Hall ku Zomba kaya ku Bunda, ojambula amakhala piringupiringu kulimbirana anthu pa geti. Inu musakalowe nawo m'chipwirikiti chimenecho. Pezani mabanja atatu kapena anayi pasadakhale, mugwirizane nthawi ndi malo, mukawajambule modekha.

Musaiwalenso mipingo. Makwaya amafuna zithunzi zoika pa mapositala, magulu a amayi monga a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika amakhala ndi misonkhano ikuluikulu atavala yunifolomu, ndipo pamakhala ubatizo ndi zikondwerero zina. Kumeneko kulowa kwake n'kudzera kwa akuluampingo, mwaulemu, osati kungotulukira ndi kamera.

Pakati pa sabata mudya chiyani?

Chaka chili ndi Maloweruka pafupifupi 52 okha, ndipo si onse amene mudzapeze ukwati. Ntchito ya pakati pa sabata ili kwa amalonda anzanu. Wogulitsa nsapato pa WhatsApp, wosoka zovala za chitenje, mwini malo odyera, mwini malo ogona alendo ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, onsewa katundu wawo amagulidwa ndi maso. Sankhani mmodzi amene zithunzi zake zikumugwetsa, mujambulireni zitatu zokha, aziyerekeze yekha ndi zake. Akaona kusiyana, mukambirane mtengo wa mwezi ndi mwezi.

Palinso abale athu okhala kunja. Munthu ali ku Cape Town kapena ku Manchester akumanga nyumba kwawo, ndalama akutumiza, koma zithunzi zimene achibale akumutumizira n'zosaoneka, mwinanso n'za mbali imodzi yokhayokha ya khoma. Amenewa amalipira mosavuta munthu wodalirika woti mwezi uliwonse azipita pamalopo, kujambula mbali zonse ndi kutumiza tsiku lomwelo. Chimodzimodzi pa kumanga ziliza kapena chinkhoswe chimene iwo sakwanitsa kubwera. Ndalama zimabwera pa Mukuru kapena pa foni, ndipo mmodzi akakhutira amauza anzake onse a kumene aliko.

Mabungwe omwe si aboma ndi makampani amalipira bwino, koma amafuna mapepala. Lembetsani dzina la bizinesi yanu, tengani TPIN ku MRA, tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo, ndipo phunzirani kulemba kotesheni ndi invoisi yooneka bwino. Ambiri amayerekeza makotesheni atatu asanasankhe, choncho wopanda mapepala salowa n'komwe mu mpikisano. Dziwaninso kuti amatha kudula msonkho asanakulipireni, ndipo ndalama zimatha kutenga mwezi kapena kupitirira. Musalonjeze mwininyumba ndalama zimene zidakali mu ofesi ya eni ake.

Tchulani mtengo osagwetsa nkhope

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Akafunsidwa kuti "Ndi zingati?" amakanda m'mutu n'kunena kuti, "Mungondiganizira, bwana." Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu amene sadziwa mtengo wake amapatsidwa ya thiransipoti ndi mbale ya mpunga.

Khalani pansi ndi cholembera. Werengerani ulendo wopita ndi kubwera, malipiro a wokuthandizani, bando yotumizira zithunzi, kutsukitsa ndi alubamu ngati zilipo. Werengerani maola onse, osati a tsiku la mwambo okha, pakuti ukwati wa tsiku limodzi umadya masiku awiri kapena atatu pa kompyuta. Kenako ikanipo kachigawo ka kamera, chifukwa imatha ndipo simudzaigula pa mtengo umene munagulira. Zipangizo zathu zonse zimachokera kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizi mitengo ya mabatire, mamemore khadi ndi mapepala otsukira zithunzi inalumpha. N'chifukwa chake pa kotesheni iliyonse ndimalemba kuti mtengowu ndi wa masiku 30 okha.

Konzani mitengo itatu: wotsika wa maola ochepa ndi zithunzi za pa foni zokha, wapakati, ndi wapamwamba wokhala ndi alubamu ndi fulemu. Munthu akati zadula, musatsitse mtengo wa ntchito yomweyo, muonetseni yocheperapo. Mukatsitsa kamodzi, komiti yonse imadziwa kuti mumatsitsika, ndipo mbiri imeneyo imayenda mwachangu kuposa zithunzi zanu.

Tsiku silisungidwa ndi pakamwa. Theka la ndalama liyambe lalowa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, lotsalalo lithe musanapereke zithunzi zonse. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa WhatsApp: tsiku, malo, maola, chiwerengero cha zithunzi, tsiku lopereka, ndi zimene zichitike mwambo ukasinthidwa. Kasitomala woona mtima sakhumudwa ndi zimenezi, amaona kuti wapeza munthu wodziwa ntchito.

Mawu kwa achibale

Popeza magazini ino imawerengedwa ndi banja lonse, ndilankhuleko ndi inu amalume, azakhali ndi alamu. Mwana wa m'banja mwanu akayamba ntchito imeneyi, mawu akuti "ndiwe mwana wathu, ungotijambula" amamupha pang'onopang'ono. Loweruka limene wajambula kwaulere ndi Loweruka limene wakana ntchito yolipira. Kwa telala wachibale mumapita ndi ndalama, kwa wogulitsa nyama wachibale mumapita ndi ndalama, uyunso mutero. Ngati mukufunadi kumukweza, mulipireni, ndipo mutchule dzina lake ku ntchito kwanu ndi ku komiti ya ukwati wa mnzanu.

Kwa inu ojambula, wachibale mutha kumuchotserako, koma mulembereni mtengo weniweni ndi zimene mwachotsazo, adziwe kukula kwa mphatso yanu. Wina akabwera ndi zoti "tilibe bajeti koma tikutchukitsa", muyankheni mwaulemu kuti, "Zikomo bambo, mukapeza bajeti mundiimbire." Ntchito yaulere muzisankha nokha, pamene mukuona kuti ikutsegulirani khomo.

Ntchito ya lero ndiyo imaitana ya mawa

Pa ukwati uliwonse pamakhala atsikana ndi anyamata amene akwatire chaka chamawa, ndipo amakuonani. Fikani msanga. Valani mogwirizana ndi mwambo. Funsani abusa kapena ansembe pamene mukuloledwa kuima. Mowa ndi kucheza kosayenera ndi operekeza akwati zisiyeni kutali. Mukafika kunyumba, koperani zithunzi malo awiri musanagone, chifukwa ukwati subwerezedwa.

M'mawa mwake tumizani zithunzi zisanu kapena khumi zabwino kwambiri. Nthawi imeneyo mitima idakali yotentha, akwati aziika pa WhatsApp, ndipo achibale onse aona ntchito yanu popanda inu kulipira kalikonse. Zotsalazo zifike pa tsiku limene munalonjeza. Musanaike chithunzi cha munthu pa tsamba lanu, mupempheni; cha mwana, pemphani makolo; za pa maliro, zisiyeni kwa eni ake. Ndipo alimbikitseni kuti atsukitse zingapo, pakuti foni imabedwa, imagwera m'madzi, koma chithunzi cha pakhoma kwa agogo chimaonedwa ndi mlendo aliyense.

Ntchito ya sabata ino nayi: lembani mayina khumi a anthu a m'dera lanu amene amakumana ndi eni miyambo inu musanakumane nawo. Sankhani zithunzi zanu 15 zabwino koposa, lembani mitengo yanu itatu pa pepala limodzi, ndipo pofika Lachisanu mukhale mutawayendera osachepera asanu, maso ndi maso. Mundilembere mmene zayendera. Ulendo wamawa tidzakambirana za kasitomala amene walandira zithunzi koma ndalama yotsala sakumaliza.