Zitsulo Sizisandutsa Mkazi Kukhala Mwamuna

Nthawi iliyonse imene zithunzi za akazi opikisana poonetsa kulimba kwa thupi zafalikira pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, pamatsatira mawu amene ambiri amawavomereza osafunsa umboni, akuti mkazi amene wayamba kunyamula zitsulo pokonzekera mpikisano wotere amasanduka ngati mwamuna, amayamba kulankhula mawu a besi, amamera ndevu, msambo wake umaima, ndipo mapeto ake sabereka. Mawuwa amamveka ngati chenjezo la munthu wofunira mnzake zabwino, ndipo zina mwa zimene amatchulazo zimachitikadi kwa ena mwa opikisanawa, koma mlandu wake wagwera chinthu chosalakwa. Zimene zimameretsa ndevu ndi kuimitsa msambo ndi ziwiri zimene madokotala akhala akuzidziwa kwa zaka zambiri, zomwe ndi mankhwala okulitsa minofu komanso njala yochita kudzipatsa dala, ndipo aliyense amene akupitiriza kuloza chala zitsulo akuthandiza kuti ziwirizi zipitirize kuvulaza akazi mobisika.

Mipikisano imeneyi si ya mtundu umodzi. Pa mpikisano wa Olympia wa ku United States, umene ndi wotchuka kuposa yonse m'masewerawa, gawo la Ms. Olympia linayamba mu 1980, ndipo Rachel McLish amene anayamba kupambana anali ndi thupi laling'ono ndithu poyerekeza ndi Lenda Murray kapena Iris Kyle amene anadzalamulira gawoli pambuyo pake. Kenako panabwera magawo ena ofuna minofu yocheperapo: Fitness mu 1995, momwe opikisana amaonetsanso luso lodumpha ndi kupinda thupi motsatira nyimbo, Figure mu 2003, Bikini mu 2010, Women's Physique mu 2013 ndi Wellness mu 2021, gawo limene oweruza amayang'ana kwambiri kukula kwa ntchafu ndi chiuno. Popeza m'gawo la Bikini mkazi wa minofu yochuluka kwambiri amachotseredwa malikisi, kutenga chithunzi cha wopambana m'gawo la minofu ikuluikulu n'kumanena kuti umu ndi mmene adzakhalire mtsikana aliyense wopita ku jimu n'kusocheretsa anthu.

Kukula kwa minofu kumayendera limodzi ndi mahomoni, omwe ndi timadzi timene thupi limapanga n'kumatitumiza m'magazi kuti tiziuza ziwalo zochita. Homoni imene imasiyanitsa kwambiri thupi la mwamuna ndi la mkazi ndi testosterone, ndipo m'magazi a mwamuna wamkulu imachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 15 kuposa m'magazi a mkazi. Kunyamula zitsulo sikuchotsa kusiyana kumeneku, chifukwa chimene chitsulo chimachita n'kulemetsa minofu kuti thupi liimange yolimbirapo, ntchito imene imatenga zaka ndipo imafuna chakudya chokwanira. Umboni wina uli poyera m'midzi ya ku Malawi, kumene mayi amasenza chidebe cha madzi cha malita 20, chomwe ndi katundu wa makilogalamu 20, amagwira khasu nyengo yonse ya dzinja, amasinja ndi kutema nkhuni, koma palibe amene ananenapo kuti ntchito zimenezi zamumeretsa ndevu kapena zamutseka mimba. Minofu siisiyanitsa kulemera kwa madzi ndi kulemera kwa chitsulo.

Mawu a besi ndi ndevu zimene zimaoneka pa ena mwa opikisana zimachokera ku mankhwala otchedwa ma anabolic steroid, amene anapangidwa kuti azigwira ntchito m'thupi ngati testosterone. Mbiri ya dziko la East Germany ikusonyeza bwino zimenezi, chifukwa kumeneko boma linakonza ndondomeko yachinsinsi yopatsa ochita masewera mankhwala a Oral-Turinabol, ndipo atsikana ambiri ankauzidwa kuti akumwa mavitamini. Ambiri mwa iwo anali osambira ndi othamanga, osati oonetsa minofu, komabe mawu awo anasintha, tsitsi linamera pamene silimera mwa akazi, ndipo ena anavulala chiwindi. Brigitte Berendonk ndi mwamuna wake Werner Franke anaulula zikalata za ndondomekoyi mu 1991, ndipo mu 2000 khoti la ku Berlin linapeza Manfred Ewald, amene anali mkulu wa zamasewera, ndi dokotala Manfred Höppner olakwa pa mlandu wothandizira kuvulaza ochita masewerawo. Kusintha kwa mawu kotereku nthawi zambiri sikubwerera ngakhale munthu atasiya mankhwalawo, n'chifukwa chake chenjezo loona liyenera kutchula mankhwalawa ndi dzina.

Nkhani ya msambo ndi imene ikufuna kufatsirira, chifukwa imakhudza ngakhale akazi amene sanagwiritsepo ntchito mankhwala alionse. Miyezi yomaliza ya kukonzekera mpikisano imakhala yochepetsa chakudya ndi kuchulukitsa masewera n'cholinga choti mafuta a pansi pa khungu athe ndipo mizere ya minofu ionekere. Mphamvu imene munthu wapeza m'chakudya, yomwe imayezedwa m'ma calorie, imagawidwa pawiri: ina imathera ku masewera, ndipo yotsalayo ndi imene imayendetsa mtima, ubongo, kutentha kwa thupi, kumanga mafupa ndi ntchito yobereka. Yotsalayo ikachepa kwambiri, ubongo umachedwetsa uthenga umene umatumiza ku ziwalo zotulutsa mazira, homoni ya estrogen imatsika, dzira silikhwima, ndipo msambo umadukizadukiza kapena kuimiratu, popeza thupi limene likuona njala limayamba laimitsa ntchito zimene zingadikire. Anne Loucks wa ku Ohio University anasonyeza mu 1998 kuti chimene chimasokoneza uthengawu ndi kuperewera kwa mphamvu osati kuwawa kwa masewera, pakuti akazi amene ankachita masewera omwewo koma akudya mokwanira sanasokonezeke, ndipo mu 2003 anapeza kuti vutoli limayamba pamene mphamvu yotsala yatsika kufika pansi pa ma calorie 30 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi kuchotsapo mafuta. Ndiye chifukwa chake vuto lomweli limapezeka mwa othamanga mitunda italiitali ndi ovina ballet, komanso mwa akazi a m'madera amene mwagwa chilala.

Kafukufuku amene Juha Hulmi ndi anzake a ku University of Jyväskylä ku Finland anafalitsa mu 2017 anatsatira akazi 27 amene anachepetsa chakudya kwa miyezi pafupifupi inayi pokonzekera mpikisano, n'kuwayerekeza ndi akazi 23 amene ankanyamulanso zitsulo koma osachepetsa chakudya. Mahomoni anatsika kwambiri ndipo msambo unasokonezeka mowirikiza m'gulu lochepetsa chakudyalo, ngakhale magulu onse awiri ankanyamula zitsulo, ndipo testosterone yeniyeniyo inatsika m'malo mokwera, zomwe zikutsutsana kotheratu ndi mawu oti masewerawa amasandutsa mkazi kukhala mwamuna. Akaziwo atabwerera ku kadyedwe kokwanira, mahomoni ambiri anabwerera m'malo mwake m'miyezi itatu kapena inayi, ngakhale ena anali asanafike pamene analili. Tanthauzo lake n'lakuti kuima kwa msambo kotereku si kusabereka kwa muyaya, komanso si njira yolera, popeza dzira likhoza kutuluka msambo usanayambirenso.

Izi sizikutanthauza kuti vutoli n'laling'ono. Estrogen ndi imene imateteza mafupa a mkazi, ndipo thupi limamaliza kumanga kulimba kwa mafupa munthu akamayandikira zaka 30, choncho mtsikana amene wakhala miyezi yambiri osaona msambo amataya chuma chimene n'chovuta kuchibwezeretsa, ndipo mafupa ake amatha kuchita ming'alu mosavuta. Bungwe la American College of Sports Medicine linatcha kulumikizana kwa kadyedwe koperewera, kuima kwa msambo ndi kufooka kwa mafupa dzina loti Female Athlete Triad mu 1992, ndipo mu 2014 International Olympic Committee inakulitsa tanthauzoli ndi dzina loti RED-S, posonyeza kuti kuperewera kwa mphamvu kumakhudzanso mtima, chitetezo cha m'thupi ndi maganizo. Apa ndi pamene bodza lija limavulaza kawiri. Limaopseza akazi wamba kuti asakhudze chitsulo, chonsecho kunyamula zolemera ndi imodzi mwa njira zolimbitsira mafupa, ndipo limachititsa wopikisana amene msambo wake waima kuganiza kuti ndi mmene zimakhalira kwa aliyense wonyamula zitsulo, n'kupitiriza kudzimana chakudya m'malo mokaonana ndi dokotala.

Kukonzekera kwanzeru kumadziwika ndi kudekha. Eric Helms ndi anzake, polemba malangizo a opikisana osagwiritsa ntchito mankhwala mu 2014, analangiza kuti munthu azichepa thupi pang'onopang'ono, pakati pa theka la peresenti ndi peresenti imodzi ya kulemera kwake pa sabata, akudya zomanga thupi zokwanira, zimene kuno zimapezeka mu usipa, mazira, nkhuku, soya, nyemba ndi mkaka. Msambo ukaima miyezi itatu mwa mkazi amene si woyembekezera, chimenecho ndi chizindikiro chofuna dokotala, osati umboni woti kukonzekera kukuyenda bwino. Mapilitsi okodzetsa amene ena amamwa masiku omaliza kuti khungu limatirire ku minofu amachotsa m'magazi mchere wa potassium umene umayendetsa kugunda kwa mtima, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa bungwe la World Anti-Doping Agency. Thupi limene limaoneka pa nsanja tsiku la mpikisano ndi la masiku ochepa chabe, ndipo ndondomeko yobwerera ku kadyedwe kokwanira iyenera kukonzedwa mpikisano usanachitike.

Amene akudera nkhawa akazi ochita masewerawa ali ndi poimirira, koma mafunso awo akuyenera kupita kwa oweruza amene amapatsa mphoto kuwonda kopitirira muyeso, kwa mabungwe amene sayeza opikisana ngati amwa mankhwala, ndi kwa aphunzitsi a m'majimu amene amagulitsa mapilitsi ndi jakisoni kwa atsikana osawauza zotsatira zake. World Health Organization, m'malangizo ake a 2020, inalimbikitsa munthu wamkulu aliyense kuchita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo sinapatule akazi. Kholo, mwamuna kapena mphunzitsi amene akufunadi kuteteza mkazi wokonzekera mpikisano asamulande chitsulo. Afunse ngati akudya mokwanira, ngati msambo wake ukubwera pa nthawi yake, ndi dzina la mankhwala alionse amene wapatsidwa.