Herode sanali chilombo, anali mfumu yokwezedwa

Khirisimasi iliyonse timamuveka Herode chisoti cha katoni, timamupaka makala kumaso, iye n'kumabangula kutsogolo kwa tchalitchi ana akuseka. Sewero likatha timabwerera kunyumba titatsimikiza kuti munthu ngati ameneyu anatha kalekale. Ine ndikuti ayi. Herode wa m'masewerowa ndi bodza lotipatsa tulo, ndipo amene amatiuza kuti "za Mulungu n'zosiyana ndi ndale" ndi amene bodzali limawapindulira.

Tiyeni tiyambe ndi zimene abusa ambiri amadumpha. Pakati pa Malaki ndi Mateyu pali tsamba limodzi loyera, koma patsamba limeneli panachitika zinthu. Mu 167 BC banja la ansembe la Amakabeo linaukira mfumu ya Chigiriki, Antiochus IV, ndipo mu 164 BC linayeretsanso kachisi ku Yerusalemu. Awa anali omenyera ufulu enieni. Koma taonani zidzukulu zawo, zomwe mabuku amazitcha Hasmoneans. Zinaphatikiza ukulu wa ansembe ndi ufumu m'dzanja limodzi. John Hyrcanus anagonjetsa anthu a ku Idumea n'kuwakakamiza kulowa Chiyuda. Alexander Jannaeus, malinga ndi wolemba mbiri Josephus, anapachika Ayuda anzake 800 omwe ankamutsutsa. Omasula aja anasanduka opondereza. Kodi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwa Mmalawi?

Kenaka abale awiri, Hyrcanus II ndi Aristobulus II, anakanganirana mpando. Aliyense anathamangira kwa mkulu wa asilikali a Aroma, Pompey, kuti akaweruze mlanduwo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu anabweradi nako: mu 63 BC analowa mu Yerusalemu n'kumeta onse awiri. Kuchokera apo, ufumu wa Ayuda unayamba kulongedwa ndi anthu akunja.

Herode anatulukira pamenepa. Bambo ake, Antipater, anali a ku Idumea komwe kuja. Mu 40 BC nyumba ya malamulo ya ku Roma inamutcha mfumu ya Ayuda iye ali ku Roma konko, ndipo zinamutengera zaka zitatu ndi asilikali obwereka kuti alande Yerusalemu. Pofuna kuoneka wa kumtundu, anakwatira Mariamne wa banja lachifumu lija. Mlamu wake anamumiza m'madzi ku Yeriko, mkaziyo anamupha mu 29 BC, pambuyo pake anaphanso ana ake atatu. Koma musaiwale kuti anali munthu wa chitukuko. Anamanga doko la Caesarea n'kulitcha dzina la bwana wake, anakulitsa kachisi mpaka anthu kumagwira pakamwa. Kukanakhala wailesi, bwenzi mafumu ang'onoang'ono akusinthana pamaikolofoni kumuthokoza.

Ndiye funso si lakuti Herode anali woipa mtima bwanji. Funso ndi lakuti maso ake ankayang'ana kuti. Mfumu yolongedwa ndi mbumba imaopa mbumba. Mfumu yolongedwa kuchokera pamwamba imaopa pamwamba, ndipo anthu ake amasanduka katundu woti ikaonetse kwa bwana.

Ife a kuno ku Chiuta sitifunika kuwoloka nyanja yamchere kuti timve zimenezi. Mu 1895 asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Kawinga paphiri la Chikala. Sindikumuyeretsa, malonda a akapolo anali m'manja mwake, monganso Amakabeo sanali angelo. Koma taonani zomwe zinatsatira. Lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu oti aziyankha kwa DC. La 1933 linawapatsa mabwalo ndi mphamvu zina, chingwe chili m'manja mwa bwanamkubwa ku Zomba. Yemwe anayesa kudula chingwecho anaona zakuda: Inkosi Gomani Philip ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya. Titalandira ufulu chingwe chija sitinachiotche. Lamulo la mafumu la 1967 linangochisamutsira m'manja mwa pulezidenti, ndipo mpaka lero mafumu amakwezedwa, kawirikawiri chisankho chikamanunkhira.

Ku Yerusalemu ngakhale guwa lansembe linali pachingwe chomwecho. Herode atamwalira mu 4 BC, Augustus anagawa dziko kwa ana ake ngati akugawa nsomba padoko. Arikelao atalephera, anamuchotsa mu AD 6 n'kuika bwanamkubwa wa Chiroma. Kayafa sanasankhidwe ndi mpingo, anaikidwa ndi bwanamkubwa Valerius Gratus. Zovala za mkulu wa ansembe zinkasungidwa m'nyumba ya asilikali ya Antonia, n'kumatulutsidwa pa zikondwerero zokha. Tangoganizani, mkanjo wa abusa ukusungidwa kupolisi!

M'dziko limeneli ndi momwe Yohane Mbatizi anadzudzula Herode Antipa, mutu wake n'kuthera m'mbale. Ndi momwe Yesu anatcha mfumu yomweyo nkhandwe. Mtanda sunali chilango cha munthu wolakwitsa katekisimu. Aroma ankapachikapo akapolo ndi oukira boma, ndipo mlandu womwe Pilato analemba pamwamba pake unali wa ufumu. Patapita zaka, mdzukulu wa Herode, Agripa, anapha Yakobo ndi lupanga, n'kuona kuti zamupezetsa chikoka. Ndiye wina aime paguwa n'kundiuza kuti uthenga uwu unabadwira kutali ndi ndale? Abusa, werenganinso.

Ndikudziwa zomwe ena anene: kuti ndikufuna matchalitchi asanduke misonkhano ya chipani. Si zimenezo. Guwa lovala nsalu ya chipani ndilo la Kayafa ndendende. Chomwe ndikukana ndi chete wosankha. Munthu wamkulu akabwera ndi envelopu pa mwambo wa pepala, timamupatsa mpando wakutsogolo ndi vesi lonena za kumvera olamulira. Mnyamata akafunsa za mayina a makuponi a feteleza, timati asalowetse ndale m'nyumba ya Mulungu. Imeneyinso ndi ndale, ndale za Aherode. Aepiskopi a Katolika akanatsatira nzeru imeneyi, kalata yawo ya pa 8 March 1992 sikanawerengedwa, ndipo mwina lero sindikanalemba izi.

Sindikunyozanso ufumu. Alipo mafumu omwe amagona ndi njala limodzi ndi anthu awo, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma nyanja yathuyi inatiphunzitsa kanthu. M'zaka za m'ma 1990 asodzi obwera ndi makoka a nkacha ankakokolola nsomba ndi ana omwe, mafumu ena akulandira zawo n'kuyang'ana kumbali. Asodzi eni ake anapanga makomiti a m'madoko n'kuwathamangitsa. Sanadikire Roma wina aliyense.

Chaka chino mukamakonza sewero, musamupake makala Herode. Muvekeni suti yabwino, mumupatse lumo lodulira riboni, ndi kwaya yomuimbira. Azilankhula mofatsa, azitchula Mulungu pafupipafupi, azithokoza amene anamukweza. Mwina ana sadzaseka. Koma akuluakulu ena adzasuntha pabenchi, ndipo pamenepo mudzadziwa kuti Mateyu wamveka.