Sukulu Yopanda Belu

Pa sukulu iliyonse yophunzitsa anamwino, kaya ndi ku Nkhoma, ku Ekwendeni kapena ku Mulanje Mission, pamakhala zinthu zitatu zimene zimamnyamula wophunzira ngakhale tsiku limene mtima wake walefuka: belu lomdzutsa, mphunzitsi womyang'anira, ndi anzake a m'kalasi amene iye safuna kuti amsiye m'mbuyo. Koma ena mwa ana athu, makamaka amene ali kale pa ntchito m'zipatala, akufunafuna digiri ya unamwino pophunzira ali kwao, ndipo zitatu zonsezi iwo alibe. Mwezi uno tifuna kulankhula ndi iwo, pamodzi ndi inu makolo, amuna ndi akazi amene mumakhala nao nyumba imodzi.

Kuphunzira kotere si kwachilendo. University of South Africa inayamba kuphunzitsa pa makalata mu 1946, ndipo mu 1975 inatsegula gawo la unamwino lotsogozedwa ndi Charlotte Searle. Kuno kwathu Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, ndipo ena a ife tinaona achibale akudikira envelopu ya maphunziro ku positi. Ku Kenya, mu 2005, bungwe la AMREF linayamba kuphunzitsa anamwino pa kompyuta kuti akwere pa maphunziro osasiya zipatala zao. Envelopu ija lero yasanduka foni ndi intaneti, koma vuto ndi lomwe lija: kuyamba n'kosavuta, kutsiriza n'kwina.

Kodi chimamgwetsa munthu n'chiyani? Kaŵirikaŵiri si kuchepa kwa nzeru ai. Namwino waŵeruka m'maŵa atachezera ndi odwala, kunyumba wapeza mwana akutentha thupi, madzulo magetsi azima. Anena mumtima, "Ndiŵerenga maŵa." Popeza palibe womfunsa, maŵa lija lisanduka sabata, ntchito yolemba ichedwa, manyazi amgwira, ndipo aleka kutsegula mabuku, ndalama za fizi zitapita kale. Cholakwa chake n'chakuti anadikira kuti mtima ufune. Mtima wofuna kuŵerenga uli ngati mlendo: ubwera pamene wafunira, suuza tsiku lochoka. Amene amatsiriza ndi amene amadziikira okha zinthu zitatu zija.

Choyamba, dziikireni belu. Tsiku limene ndandanda ya ntchito yatuluka ku chipatala, khalani pansi ndi kalendala, mulembe ola la kuŵerenga pa tsiku lililonse, ndi masiku operekera ntchito zolemba. Kenaka muipachike pa khoma pamene onse a m'nyumba angaione. Mukachezera usiku, yambani mwagona, pakuti mutu wa tulo sugwira kanthu. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimaiŵalika msanga ndithu, ndi kuti kubwereza pa masiku osiyanasiyana kumazikhazikitsa koposa kubwereza zonse nthaŵi imodzi. Motero ola limodzi tsiku ndi tsiku liposa Loŵeruka lathunthu kamodzi pa mwezi.

Chachiŵiri, dzipezereni mphunzitsi. Amene sukulu yakupatsani sakuonani nkhope, ndiye sangadziŵe kuti mwasokonezeka mukapanda kumuuza. Mlembereni tsiku lopereka ntchito lisanafike, osati litapita. Komanso muli ndi mphunzitsi wina amene anzanu a m'kalasi samuona tsiku lililonse, ndiye wodi imene mukugwiramo ntchito. Ngati masana munasamala mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri, usiku ŵerengani chifukwa chake mkodzo wake umayezedwa, ndi chifukwa chake amapatsidwa magnesium sulphate kuti asagwe ngati wa khunyu. Phunziro limene lili ndi nkhope ya munthu silitopetsa, ndipo siliiŵalika.

Chachitatu, musayende nokha. Mutu umodzi susenza denga. Pezani mnzanu mmodzi kapena aŵiri a maphunziro omwewo, ngakhale ali boma lina, mupangane tsiku lofunsana mafunso pa foni. Munthu amadzinamiza yekha mosavuta, koma kumuuza mnzake kachitatu kuti sanaŵerenge kumamchititsa manyazi abwino. Ndipo mukalephera phunziro limodzi, muuzeni mnzanuyo tsiku lomwelo. Kulephera kobisa ndiko kumathetsa sukulu. Kulephera koulula kumangokhala mayeso oti mulembenso.

Kwa achinyamata amene simunayambe, tili ndi chenjezo. Unamwino ndi ntchito ya manja. Kubaya jekeseni, kutsuka bala ndi kuchiritsa mayi pobereka siziphunziridwa pa foni pokha, koma pa bedi la wodwala, wodziŵa ataima pambali. Musanalipire tambala ku sukulu iliyonse ya kutali, funsani a Nurses and Midwives Council of Malawi ngati amaivomereza, pakuti iwo ndiwo amalembetsa anamwino m'dziko muno. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe chofooketsa choposa kuzindikira, zaka zitapita, kuti pepala limene mwalivutikira silikupatsani chilolezo cha ntchito.

Tsono inu makolo, ndi inu abambo kapena amai a m'nyumba: mwana akapita ku sukulu yogonera komweko timamuleka aphunzire, koma akakhala pa mpando m'nyumba mwathu ndi buku timayesa kuti alibe chochita. Timtuma ku chigayo, timsiyira ana, timdandaula kuti sachezanso ndi alendo. Ola lija lili pa kalendala likhale lopatulika kwa banja lonse. Wina aphike, wina atenge mwana, wailesi itsike mau. Ndipo m'malo momfunsa kuti atsiriza liti, mfunseni chimene waphunzira sabata ino. Pofotokozera inu, iye akubwereza.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Zaka za maphunziro aŵa n'zazitali, ndipo palibe wodzaimba nthungululu pa ola lililonse la usiku. Koma tsiku lina, pa chipatala chaching'ono cha kumudzi chimene dokotala safika, mayi wina adzabwera pakati pa usiku ali pa ngozi, ndipo moyo wake udzadalira zimene namwino wa pamenepo anaŵerenga pa maola amenewo.