Dizilo ndi mavaneti a ku Mkaika: kodi ndalama zimathera kuti?

KATETE: Nyengo yogulitsa zokolola ikafika m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, galimoto imene imagwira nchito yaikulu ndi vaneti ya dizilo. Ndiyo imalowa m'midzi mmene malole aakulu sangafike, kukatenga cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa, ndi kuzifikitsa ku misika ya bungwe la Food Reserve Agency, FRA, kapena kwa amalonda a pamseu wa Great East. Mvula ikayandikira, vaneti yomweyo imabwerera ndi feteleza ndi mbeu. Mtengo wa dizilo ukasintha, mlimi amaumva pa ndalama zimene amalipira pa thumba lililonse.

Eni mavaneti ambiri amadandaula za mtengo wa lita, ndipo dandaulo lao ndi lomveka. Koma mtengowo umapangidwa kutali ndi Mkaika. Cimene mwini galimoto angathe kusintha ndi kuculuka kwa malita amene galimoto yake imamwa, ndiponso kuculuka kwa katundu amene malitawo amanyamula.

Kumene mtengo umacokera

Dziko la Zambia limagula mafuta onse a galimoto kunja, ndi ndalama za dola. Dizilo yambiri imalowa kudzera m'paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, imene inayamba nchito mu 1968 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Kwa zaka zambiri paipi imeneyi inali kubweretsa mafuta osayenga ku fakitale ya Indeni, koma mu 2023 inayamba kubweretsa dizilo yoyengedwa kale. Mafuta ena amabwera pa malole a mathanki, ndipo ena mwa malolewo amacokera ku doko la Beira ndi kulowa pa cipata ca Chanida, mpaka kutulukira pa Katete.

Mu Disembala 2021 boma linacotsa thandizo limene linali kupereka pa mtengo wa mafuta. Panthawiyo bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la Energy Regulation Board, ERB, linakweza mtengo wa dizilo kucoka pa K15.59 kufika pa K20.15 pa lita. Mu 2022 bungweli linayamba kuunika mitengo mwezi ndi mwezi, poyang'ana mtengo wa mafuta pa msika wa maiko onse ndi mphamvu ya kwacha. Kumayambiriro kwa 2025 lita ya dizilo inali itapitirira K30. Inatsika m'miyezi yotsatira pamene kwacha inalimba, ndiponso pamene boma linalola makampani osiyanasiyana kupikisana pogwiritsa nchito paipi ya TAZAMA.

Kuyambira mu 2010 dziko lino linakhazikitsa mtengo umodzi wa mafuta m'malo onse ovomerezeka omwetsera galimoto, kotero kuti lita pa Katete imagulidwa mofanana ndi ku Lusaka, ngakhale pakati pa malo awiriwa pali makilomita pafupifupi 500. Kusiyana kumayambira pamene galimoto yacoka pa pampu, cifukwa lita yomweyo imayenda mtunda wautali pa mseu watala ndipo imatha msanga pa mseu wamaenje ndi mcenga.

Coyamba ndi kuyesa

Oyendetsa ambiri amathira mafuta a K200 kapena K300 panthawi imodzi, ndipo amangoyang'ana kamuvi ka pa deshibodi. Mwa njira imeneyi palibe amene angadziwe zoona zake za galimoto yake. Kuyesa kwabwino n'kosavuta. Dzazani thanki, lembani nambala ya makilomita imene ili pa mita, yendani monga mwa masiku onse, ndipo mukadzazanso lembani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda. Ngati mwayenda makilomita 400 ndipo mwathira malita 40, galimoto yanu ikumwa malita 10 pa makilomita 100 alionse.

Mavaneti amakono monga Toyota Hilux, Isuzu D-Max ndi Ford Ranger, akakhala bwino ndipo akuyenda pa mseu watala, kawirikawiri amamwa malita apakati pa 8 ndi 10 pa makilomita 100. Toyota Land Cruiser ya injini yakale ya malita 4.2 imamwa kuposa apo. Nambala yofunika kwambiri ndi ya galimoto yanu yomwe, yolembedwa m'kabuku mwezi ndi mwezi. Ikakwera mwadzidzidzi, ndiye kuti pali cimene calakwika pa injini, pa matayala, pa kayendetsedwe, kapena mafuta akutuluka m'thanki mwa njira ina.

Tiyeni titenge citsanzo ca ulendo wa makilomita 160 kupita ndi kubwerera, womwe ukufanana pang'ono ndi wocoka ku Katete kupita ku Chipata. Tiyerekeze kuti lita ili pa K25. Vaneti yomwa malita 10 pa makilomita 100 idzatha malita 16, omwe ndi K400. Ina yomwa malita 12.5 idzatha malita 20, omwe ndi K500. Kusiyana kwa K100 kumaoneka kocepa pa tsiku limodzi, koma pa maulendo 150 pa caka kumafika K15,000. Pa mtengo wa K340 umene FRA inalengeza mu 2025 pa thumba la cimanga la makilogilamu 50, ndalama imeneyi ndi matumba 44.

Liwiro ndi phazi la woyendetsa

Mseu wa Great East unakonzedwa m'zaka za m'ma 2010 kucokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku malire a Mwami, ndipo ciyeso cothamangitsa galimoto cinakula. Vaneti ndi galimoto yaitali m'mwamba ndiponso yophwatalala kutsogolo, conco imalimbana kwambiri ndi mphepo. Mphamvu ya mphepo yokankha galimoto imakula mofulumira kuposa liwiro lenileni. Pa liwiro la makilomita 120 pa ola, mphepo imakankha kuwirikiza kawiri ndi pang'ono poyerekeza ndi pa makilomita 80. Matumba akaunjikidwa kupitirira denga la kutsogolo, kapena tenti ikamakupiza kumbuyo, injini imavutika koposa.

Nthawi imene munthu amapindula pothamanga ndi yocepa. Mtunda wa makilomita 80 umatenga ola limodzi pa liwiro la 80, ndipo umatenga mphindi 48 pa liwiro la 100. Phindu lake ndi mphindi 12 cabe.

Unduna woona za mphamvu m'dziko la America umanena kuti kuyendetsa mwaukali, ndiko kuti kuthamanga, kunyamuka mwamphamvu ndi kuponda mabuleki mwadzidzidzi, kungacepetse mtunda umene mafuta amayenda ndi 15 mpaka 30 peresenti pa miseu ikuluikulu. Injini ya dizilo imakoka bwino ikamazungulira pang'onopang'ono, kotero woyendetsa wanzeru amasintha giya msanga ndi kuyang'ana kutali, kuti aleke kuponda mafuta asanafike pa mahampu a pa Sinda kapena pa Katete.

Ena amacotsa giya potsetsereka poganiza kuti akusunga mafuta. Mcitidwe umenewu ndi woopsa, makamaka galimoto ikalemedwa, cifukwa mabuleki amatsala okha ndipo amatentha. Pa injini zamakono mulibe ngakhale phindu, pakuti makina amatseka okha mafuta pamene galimoto ikutsetsereka ili m'giya ndipo phazi lacoka pa moto.

Kusiya injini ikulira pamene galimoto yaima ndi njira inanso yotayira ndalama. Izi zimaoneka pa mizere ya m'misika ya zokolola, ndiponso kumapeto kwa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo magalimoto amaima nthawi yaitali kudikira anthu. Amene amaopa kuzimitsa injini kaamba ka batire lofooka amalipira mtengo wa batire latsopano pang'onopang'ono pa pampu.

Matayala, sefa ndi mafuta a m'zigubu

Tayala lopanda mpweya wokwanira limakanirira pansi, limatentha ndipo limatha msanga. Unduna wa ku America womwewo umati kupopa bwino matayala kungapulumutse mafuta ofika 3 peresenti. Mlingo woyenera umalembedwa pa kapepala ka pa citseko ca woyendetsa, ndipo kawirikawiri pamakhala manambala awiri, ya galimoto yopanda katundu ndi ya galimoto yolemedwa. Pa mavaneti okoka ndi mawilo onse anai, giya ya 4x4 iyenera kucotsedwa galimoto ikafika pa tala, ndipo pa amene ali ndi mahabu otseka ndi manja, mahabuwo ayenera kutsekulidwa.

Fumbi la miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limatseka msanga sefa ya mpweya. Injini ya dizilo ikasowa mpweya imafooka, ndipo yakale imatulutsa utsi wakuda, womwe ndi mafuta amene sanapse bwino. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'miseu yafumbi ya ku Vubwi kapena ya m'midzi ya ku Sinda ifunika kuonedwa sefa ndi oilo kawirikawiri kuposa ya m'tauni. Mabuleki ogwira okha ndi mawilo opotoka kaamba ka maenje nazonso zimadya mafuta mwakacetecete.

Nkhani ya ukhondo wa dizilo yakula m'zaka zino. Dizilo yakale ya ku Indeni inali ndi sulufule wambiri, pamene imene inayamba kubwera m'paipi mu 2023 ili ndi wocepa, woyenera injini zamakono. Injini zimenezi zimapopera mafuta ndi mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tating'ono, ndipo madzi pang'ono kapena kadothi kamaononga mainjekita. Kumadera akutali ndi malo omwetsera mafuta, anthu amagula dizilo ya m'zigubu m'mbali mwa mseu, imene nthawi zina imakhala ndi madzi kapena yosakanizidwa ndi palafini. Mu 2018 ERB inayamba kuika cizindikiro m'mafuta ovomerezeka pofuna kugwira osakaniza ndi ozembetsa, koma wogula m'cigubu alibe lisiti ndiponso alibe kokadandaula. Mtengo wa mainjekita atsopano ungameze zonse zimene munthu anapulumutsa pa caka cathunthu.

Palinso ogulitsa mankhwala othira m'thanki ndi tizipangizo timene amati timacepetsa mafuta. Bungwe loteteza cilengedwe la ku America linayesa zipangizo zotere zoposa 100 ndipo silinapeze ngakhale cimodzi cothandiza kwambiri. Ndalama imeneyo ingagwire nchito yabwino ikagulira sefa yatsopano.

Kuwerengera pa thumba

Kwa wamalonda, funso lalikulu ndi lakuti thumba limodzi ladya mafuta angati. Vaneti zambiri zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, yomwe ndi matumba 20 a makilogilamu 50, ndipo kulemera kwa anthu okwera kumawerengedwa momwemo. Pa ulendo wathu wa K400, matumba 20 amadya K20 lililonse. Galimoto ikanyamuka ndi matumba 10, mafuta amatsika pang'ono cabe, pakuti injini imakokabe thupi la galimoto lolemera pafupifupi matani awiri, ndipo thumba lililonse limadya ndalama zoyandikira K40.

Ulendo wobwerera wopanda katundu ndiwo umataya ndalama zambiri kuposa zonse zimene tachula. Vaneti yopita ndi soya ikabwerera ndi feteleza, simenti kapena katundu wa eni magolosale, mtengo wa mafuta umagawidwa pawiri. Apa ndi pamene makopaletivu ndi magulu a alimi angathandize, posonkhanitsa zokolola pamalo amodzi ndi ngolo za ng'ombe, ndi kupangana tsiku limodzi loti galimoto ibwere. Foni ya m'manja yapangitsa kuti kupangana kotere kukhale kosavuta.

Kudzaza galimoto kuli ndi malire ake. Vaneti yonyamula matumba 30 kapena 35 imaoneka yaphindu pa tsikulo, koma imathyola masipuling'i, imaphulitsa matayala, imapsereza kilachi ndipo siima msanga pakacitika ngozi. Kunyamula mopitirira muyeso ndi mlandu pa malamulo a pamseu amene bungwe la RTSA ndi apolisi amayang'anira. Katundu akaposa tani imodzi, n'kwanzeru kubwereka kalole konga Canter m'malo moyenda maulendo atatu a vaneti.

Mbali ya boma ndi makhonsolo

Pali malita ena amene woyendetsa sangawapulumutse ngakhale atasamala motani. Mseu wamaenje umamukakamiza kuyenda m'giya yaciwiri kapena yacitatu, ndipo mlatho ukakokoloka amazungulira makilomita ambiri. Eni magalimoto amaika mtengo umenewu pa mlimi, kapena amakana kulowa m'midzi ina, ndipo mlimi amagulitsa zokolola mochipa kwa aliyense amene wafika pakhomo.

Mu 2022 boma linakweza ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, za CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo makhonsolo ambiri anagula makina okonzera miseu ndi ndalama zimenezi. Anthu a ku Mkaika, Sinda ndi Vubwi ali ndi ufulu wofunsa makhansala ao ndi makomiti a citukuko kuti ndi miseu iti imene idzapalidwa zokolola zisanayambe kutuluka, ndiponso kuti ngalande ndi makalavati adzakonzedwa liti mvula isanagwe. Mseu wopita kumene kuli alimi ambiri ukakonzedwa, phindu lake limafika kwa aliyense wotumiza thumba, ngakhale amene alibe galimoto.

Mtengo wa lita udzapitiriza kukwera ndi kutsika malinga ndi dola ndi msika wa kunja. Mwini vaneti amene ali ndi kabuku ka malita ndi makilomita angathe kudziwa mtengo weniweni wa ulendo wake, ndipo angauze mlimi cifukwa cake akulipiritsa K25 kapena K30 pa thumba. Mlimi nayenso, akadziwa masamu amenewa, angakambirane mtengo ali ndi mfundo, ndi kufunsa ngati galimotoyo idzabwerera ndi katundu kapena ai.